Kalata ya Ntchito ndi Zala za Kaitano

"Ine mausi ndinasiya kalekale, mayi. Zala zokha basi!" anatero bambo wina m'shopu ya intaneti ku Huruyadzo, akusuzumira imelo yofunsira ntchito yokolopa kuchipatala imene mayi wina ankalemba.

"Musakhudze, bambo. Lero ndi tsiku lomaliza."

"Taonani kaye. Ndilembe kuti 'Kaitano ndi dolo.' Kaitanoyo ndine. Ctrl ndi Z, zafufutika! Ctrl ndi Y, zabwerera!"

"Maiwe! Chotsani msanga!"

"Chomaliza ichi. Ctrl ndi Enter, tsamba latsopano. Mu Word ndimatero tsiku lililonse."

"Nanga kalata yanga yapita kuti?"

"Apa... akuti yatumizidwa."

"Kwa abwana? Chabwino, a dolo. Akaitana, mukakolope ndinu ndi zala zanuzo."