A Laisoni Gwaza ndi Galaja Yotsala Denga

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1967 ku Mtakataka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, m'boma la Dedza. Dzina lawo ndi a Laisoni Gwaza, achitatu kubadwa m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiri ino ndine Rodrick, mwana wa a Maness, alongo awo a malemu. Ndiye kuti amene agona apawa ndi amalume anga. Akuluakulu a kwathu anandipatsa mawu oti ndinene kumapeto. Mawuwo ndinawamva bwinobwino ndipo ndiwafika, koma mafumu, akumpingo ndi inu nonse, ndipempha kuti muyambe mwamva mmene munthuyu anakhalira.

Mu 1975 anayamba sukulu ya pulayimale ku Mtakataka komweko. Analekera Sitandade 7 mu 1983, bambo awo atamwalira, ndipo anayamba kumata machubu ndi kuwongola malimu a njinga pansi pa mtengo wa bwemba pamsika. Mu 1989 anapita ku Salima kukagwira ntchito m'galaja ya munthu wina. Anayamba ndi kutsuka zitsulo, ndipo umakaniko anaudziwa poyang'anitsitsa ndi kufunsa mpaka kutopetsa anthu. Mu 1994, chaka cha chisankho cha zipani zambiri, anaona kuti maminibasi ayamba kuchuluka mumsewu wa kunyanja uno, anabwera kuno ku Golomoti ndi bokosi limodzi la masipanala.

Pa 17 Ogasiti 1996 anamanga ukwati woyera ku Mua ndi mayi Fagness a m'mudzi muno, ndipo analowa chikamwini monga mwa mwambo wathu. Mulungu anawapatsa ana atatu: Upile, Enock ndi Sharon.

Mu 2003 amalume awo a mayi Fagness anawapatsa malo m'mbali mwa msewu kuti amange galaja. Njerwa za simenti malemu anaumba okha awiri ndi akazi awo, chikombole chinali chobwereka, madzi ankatunga ndi mayi Fagness, Enock ali kumbuyo. Njerwa zitakwana, akuluakulu a kwathu anabwera, motsogozedwa ndi achimwene awo aakulu a malemu, a Dyson, kudzapereka malangizo. Anati mkamwini samanga ngati wafika. Anati njerwa zamtengo wapatali ngati zimenezi asazimange ndi simenti koma ndi matope, kuti tsiku limene ukwati udzathe zidzazulidwe imodziimodzi, zikwere ngolo, zipite ku Mtakataka zili zamphumphu. Anatinso khoma likhale lalifupi, popeza khoma la matope silifuna kutalika. Amalume anali munthu womvera akulu, ndipo anachita monga anauzidwira.

Galaja ija ambiri mukuikumbuka. Minibasi inkalowa mopanikizika, ikakhala ndi katundu pamwamba ankayamba atsitsa. Lole sinkayerekeza n'komwe. Malole a mpunga, a thonje ndi a nsomba ankawakonzera panja, atagona pa thumba, mwezi wa Okutobala fumbi likuwalowa m'kamwa, mwezi wa Januwale madzi akuwadutsa kumsana. Madalaivala ena ankangoyang'ana kachitseko kaja n'kupitirira ku Salima. Zinali choncho zaka pafupifupi makumi awiri. Amalume sankadandaula pakamwa, koma ankayenda ngati munthu amene wasiya kanthu pamoto. Chakudya ankadyera chiimire.

Mu 2016 Upile, atamaliza Folomu 4, analowa m'galajamo. Ena ankaseka kuti mtsikana wa girisi m'zikhadabo adzakwatiwa ndi ndani. Ena mwa osekawo lero amaima pamzere kuti awamvetserere injini. Mu 2021 bambo ndi mwana wawo anakagula lifiti yogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe, ija ya mizati iwiri yokwezera galimoto m'mwamba kuti munthu azikonza ataimirira. Itafika, mizati yake inapezeka kuti ndi yaitali kuposa denga. Inagona panja, itafunditsidwa lona, dzinja lonse.

Mu Juni 2022 anandiitana, popeza ine ndine womanga, kuti ndiwonjezere mizere ya njerwa pamwamba ndi kukulitsa khomo. Za matope zija sindinkazidziwa, ndinali mwana pamene zinkachitika. Ndinakwera pamakwerero n'kugwira njerwa ya pamwamba, ndipo inagwedezeka m'manja mwanga. Nditakanda pakati ndi msomali, munatuluka dothi ndi chiswe. Nditatsika sindinayankhule mwaulemu, mayi Fagness ndi mboni. Ndinafunsa kuti mmisiri wopusa amene anachita zimenezi ndi ndani, ndipo amalume anayankha kuti ndi iwo. Ndinawauza kuti khoma limenelo silinganyamule mtanda wa konkire wa pakhomo la lole, lingagwere munthu. Panali zinthu ziwiri basi: lifiti ichite dzimbiri pomwe yagonapo, kapena tigwetse zonse timange ndi simenti kuchokera pansi.

Panapita sabata yathunthu. Ankazungulira galajayo ndi chingwe, kuyeza, kufufuta, kuyezanso. Ankadziwa kuti thumba la simenti likangong'ambidwa, uthenga ukafika ku Mtakataka tsiku lomwelo, ndipo ukamveka kuti Laisoni wataya kwawo. Pomaliza anandiuza kuti zaka zimene akhala ku Golomoti zaposa zimene anakhala kumene anabadwira, kuti ana awo ndi a kuno, ndi kuti atopa kukhala m'banja lawo lomwe ngati munthu wodikira minibasi pasiteji. Anatenga chitsulo n'kuzula okha njerwa yoyamba.

Kuyambira Ogasiti 2022 mpaka Seputembala 2023 tinali pantchito. Tinakumba maziko atsopano, otakata, kulowera kumbuyo kumene kunali dimba la mayi Fagness, ndipo iwo anazula okha tomato wawo asanapse. Pansi tinathira konkire yochindikala, ya zitsulo m'kati, kuti mizati ya lifiti igwire. Amayi a mphakati wawo anatunga madzi. Enock akabwera kutchuthi ankasakaniza mchenga. Madalaivala awiri anatibweretsera miyala osalipiritsa. Upile masana ankakonza magalimoto panja kuti pakhomo pasasowe chakudya, madzulo n'kudzamanga mabawuti a lifiti. Nthawi yonseyi kuchokera kwathu sikunabwere munthu ngakhale wodzagwira wilibala. Kunabwera mawu okha, akuti a Laisoni anadyetsedwa.

Malemu anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi mu 2019. Mankhwala ankamwa akawakumbutsa, kupuma ankakana. Pa 20 Okutobala chaka chino cha 2023, akuchotsa matabwa pa mtanda wa pakhomo, anati mutu ukuwazungulira, anakhala pansi, osathanso kudzuka. Tinathamangira nawo kuchipatala cha Mua, kumene anatiuza kuti mbali ya kumanzere yafa. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha. Lilime linali litalemera, koma aliyense wolowa ankamufunsa chinthu chimodzi, ngati kumapiri kwayamba kuchita mitambo, chifukwa galaja inali ilibe denga. Anatisiya Lachinayi pa 2 Novembala, ali ndi zaka 56.

Tsopano ndafika pa mawu amene ndinatumidwa. Dzulo, bokosi lisanafike pakhomo pano, anthu a kwathu anapita kugalaja. Anaona lifiti, anaona zitsulo za denga zimene zagona pansi, anasuzumira m'chipinda chimene muli malata. Mmodzi anafunsa Upile kuti mabawuti a mizati amamasula ndi sipanala iti. Anafunsa mwana amene bambo ake anali asanasambitsidwe. Madzulo anandiitana n'kundiuza kuti ndilengeze pano kuti njerwa azisiya, popeza tsopano sizingazuke, koma lifiti, malata, zitsulo ndi zipangizo zonse ndi zakubanja, ndipo tikangometa zipita ku Mtakataka. Anati ndisaope, pakuti mwa mwambo wolowa m'malo mwa malume ndi mwana wa mlongo wake, ndiye kuti zonsezo ndi zanga.

Amalume a Dyson, ndikukulemekezani, ndinu amene mwatsala m'malo mwa agogo. Malamulo a boma sindinawaphunzire, koma ndinali pamenepo ndipo ndikudziwa amene anathyoka msana. Ngati mwambo ukuti katunduyu ndi wanga, ndamulandira pamaso pa mafumu, pamaso pa mpingo ndi pamaso pa thupi ili. Ndipo popeza ndi wanga, ndikumupereka kwa mayi Fagness ndi ana awo atatu, yense, mpaka msomali. Amene abwere ndi lole kudzanyamula adziwe kuti akudzabera ine. Ndikudziwa nkhope zimene ndikazipeze kwathu, ndipo amayi anga ndawaona aweramitsa mutu. Pepani amayi. Sindikanatha kuwerenga zabwino za munthu, kenaka n'kumaliza ndi kusasula nyumba yake.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Fagness, ana atatu, Upile, Enock ndi Sharon, mdzukulu mmodzi, achimwene awo a Dyson ndi alongo awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu a mbali zonse ziwiri, abambo mfumu ndi akwaya, ogwira ntchito kuchipatala cha Mua, adzukulu okumba manda, amayi amene akhala kumoto kuyambira Lachinayi, ndi madalaivala amene aimika magalimoto awo lero n'kutaya ulendo. Ndikuthokozanso a Dyson chifukwa cha bokosi, pakuti chabwino chimene munthu wachita tiyenera kuchinena.

Mitambo mwaiona nokha. Tikangometa, m'mawa mwake ndidzakhala kugalaja kukweza zitsulo za denga, ndipo ntchito imeneyo imafuna amuna ambiri. Abale anga a ku Mtakataka, musafulumire kubwerera. Malo ogwira alipo.

Amalume a Laisoni, za mvula zisiyeni kwa ife. Mzimu wanu uuse mumtendere.