Makaka a amayi anga ndi mvula imene inakana kugwa

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndakulonjerani nonse m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire.

Amayi anga ndi awo akhala kumbuyoko, avala duku lobiriwira. Mumawadziwa, kale pakamwa pawo sipamatha nthabwala. Chaka chathachi, mitambo itayamba kusonkhana cha kunyanja, iwo anali atayanika makaka, chinangwa chosenda chija, pathandala. Tili kumjigo anayang'ana kumwamba nati, "Iwe mvula, tayamba wadikira makaka anga aume." Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka, abale.

Ndiye mvula ija osagwa. Mitambo ikabwera, ibalalike. Ikabwera, ibalalike. Nazale za mpunga zinapsa kudambo, chimanga chinafota. Mawu aja ananyamuka pamjigo kukafika kudoko, ndipo pobwerera anali atasintha: "Agogo aja amanga mvula, anachita kunena okha."

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinamva chiphokoso. Kusuzumira, mayo ine! Anthu, abale, anthu! Miyala m'manja, wina atanyamula chigubu cha petulo. Ena mwa iwo amayi anawabereka kumsana ali makanda. Ndinawakankhira amayi m'nyumba, ine n'kuima pakhomo. Mwala wina unadutsa pazenera n'kuwatema pamphumi, ndinangomva akuti, "Mwananga, ndalakwanji?"

"Atuluke amasule mvula!" ankakuwa choncho. Kenako bambo wina anandiloza chala nati, "Iwe unalipo kumjigo. Ananena kapena sananene?"

Abale, mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndikati sananene, ndi bodza, mboni zinali pomwepo. Ndikati ananena, ndawapereka amayi anga ndi pakamwa panga. Ndipo inu mumandidziwa, ine sindichedwa kubweza. Zotukwana zinali zitafika kale pakhosi. Zikanangotuluka, petulo uja akanamuyatsa. Mumtima ndinangoti, "Ambuye, gwirani lilime langa. Gwirani lilime langa, Ambuye."

Ndipo analigwira. Ndinadzimva ndikuyankhula motsitsa, ngati si ine. Ndinati, "Ananena, bambo. Makaka awo anali panja, ankaseleula ndi mtambo. Kodi pano palibe wina amene anayanikapo kanthu n'kuuza mtambo kuti udikire?"

Ine maso ali pa chigubu.

Pamenepo Che Saidi, msodzi wachisilamu woyandikana nafe, anatuluka m'gulumo. Anati, "Ine ndinanena. Matemba anga anali pathandala sabata yomweyo. Ngati mawu amenewo amanga mvula, yambani ndi ine." Anabwera n'kukhala pakhonde pathu. Mayi wina woumba njerwa anati, "Nanenso ndinanena," nayenso n'kudzakhala. Ndinaona miyala ikugwa pansi umodziumodzi, anthu akuchoka osayang'anana.

Mvula inadzagwa pa nthawi yake ya Mulungu. Koma musaganize kuti zinatheratu. Alipo ena mpaka lero amanong'ona kuti, "Mwaona, amasula." Ine ndikamva phokoso la anyamata kumsewu, ndimathamangira kukatseka chitseko. Amayi kumjigo sapitanso. Mtambo ukamadutsa amayang'ana pansi, kukamwa atatseka. Nthabwala zija zinathera pamenepo, ndipo zimandiwawa.

Koma ali moyo! Abale, ali moyo! Mawu osewera anatsala pang'ono kuwaphetsa, ndipo mawu amene Mulungu anaika pakamwa panga anawabweza kumanda. Zikomo Ambuye, zikomo.

Amayi, taimirirani akuoneni, ndi chipseracho achione. Kondwerani nane, abale, azimayi imbani nthungululu! Koma chonde, ndakugwirani mwendo, mukatuluka muno nkhaniyi mukainene momwe mwaimvera, osawonjezerapo. Amen.