Mwadya, a Haji?

Dokotala Nermin Shalabi anatha zaka akufufuza mmene madokotala amalankhulira ndi odwala, ndipo anatsimikiza mtima kuti funso lalitali limasokoneza munthu. Choncho funso lofunsa wodwala asanalowe ku opaleshoni analidula mpaka linatsala liwu limodzi. M'mawa wina, pachipatala china mumzinda wa Zagazig, analiyesa koyamba pa a Haji Metwalli, ometa tsitsi opuma pantchito, otchedwa Haji chifukwa anapitako ku ulendo wopatulika wa Asilamu, amene anali atadikira miyezi kuti awachotse ndulu, ndipo anali atauzidwa kuti asadye kanthu kuyambira usiku.

"Mtendere ukhale nanu, a Haji. Mwadya?"

A Haji anaika dzanja pachifuwa. "Ndadya, mwana wanga. Mulungu akuwonjezereni. Musavutike."

"Mwadya?"

"Ndakhuta ndithu."

"Liti?"

"M'mawa uno, monga munthu aliyense amene ali ndi mkazi."

Nermin anasendera pafupi ndi bedi. "Mwadya chiyani?"

"Aa, tizinthu."

"Tizinthu tanji?"

A Haji anayang'ana uku ndi uku. Odwala onse m'wodimo anali atasiya nkhani zawo n'kutchera khutu. Anakhosomola pang'ono, n'kukweza mawu.

"Nyemba zothira mafuta a azitona. Buledi wotentha. Tchizi. Mazira."

"Mazira ambiri?"

"Mkazi wanga, amake Reda, sawerenga mazira."

"Ndi tiyi?"

"Wa mkaka. Kodi tinyemba timatsika tokha?"

"A Haji, anamwino sanakuuzeni kuti musadye?"

"Anandiuza. Mtsikana waulemu kwambiri."

"Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya, chakudyacho chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Anthu amafa nazo."

"Chakudya cha amake Reda sichinabwererepo. Chikalowa chalowa."

"Ndiye opaleshoni yanu sichitika lero."

A Haji anadzuka n'kukhala tsonga. "Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mwadya."

"Wanena ndani?"

"Inuyo."

A Haji anamukodola ndi chala, n'kuloza katani. Nermin anaikoka kuzungulira bedi. A Haji anayamba kunong'ona.

"Adokotala, munakulira kuti?"

"Konkuno."

"Ndiye bambo anu, mlendo akawafunsa pamaso pa anthu kuti mwadya, amayankha kuti chiyani?"

"Bambo anga sakupita ku opaleshoni."

"Iyayi, mverani. Munthu akakufunsa kuti wadya, ndiye kuti akufuna kukupatsa. Ine ndakuonani mwana wowonda, m'manja mulibe ngakhale kajumbo. Ndati ndimuchititsirenji manyazi mwana wa eni."

"Sindimafuna kukupatsani kanthu."

"Ndiye mumafunsiranji?"

Pa zonse zimene Nermin anawerenga m'zaka zija, funso limeneli sanakumane nalo.

"Nanga nyemba zija?"

"Za dzana."

"Mazira?"

"Mazira ndi nduluyi? Anandiletsa kalekale. Ndawaiwala ndi kakomedwe kake."

"Ndiye simunadye."

"Pang'onopang'ono, adokotala. Katani si khoma."

Tsopano Nermin anali ndi mayankho awiri ochokera pakamwa pamodzi, ndipo onse awiri ananenedwa ndi nkhope yoona mtima. Anapempha foni ya a Haji, n'kuimbira akazi awo, amene anali atapita kukaperekeza adzukulu kusukulu.

"Mayi, ndine dokotala kuchipatala kuno. A Haji adya m'mawa uno?"

Mawu anatuluka m'fonimo ngati wailesi ya m'basi. "Adya. Mwamuna wanga satuluka pakhomo ndi njala. Kodi akutumani ndi achemwali awo aja? Mukawauze kuti adya nyama."

Foni inaduka. A Haji anapukuta diso ndi chala.

"Mwamva? Mkazi ameneyo."

"Akuti mwadya nyama."

"Akunama, Mulungu amudalitse."

Kunja kwa katani kunamveka matayala a bedi lotengera odwala. Linaima pomwepo, ndipo wolikankha anagogoda pachitsulo.

"A Haji, nthawi yatha. Ndikufuna yankho limodzi. Lumbirani."

"Haji salumbirira nyemba."

"Ndiye mubwerere kunyumba. Mudzalowanso pamzere."

"Pamzere uja? Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Ndikakhale pamaso pa apongozi nditagwira pamimba ngati ndameza lumo?"

"Ndiye lumbirani."

"Mungondikhulupirira."

"Ndikhulupirire ziti? Za poyamba kapena za pano?"

"Za pano. Za poyambazo zinali za anthu."

"Inenso ndine munthu."

"Eya, koma panthawiyo ndinali ndisanadziwe."

Wokankha bedi uja anagogodanso. A Haji anapuma mozama, n'kukweza dzanja lamanja.

"Mulungu ndi mboni, cha kunyumba kwanga sichinalowe m'kamwa muno chiyambire dzulo madzulo. Ngakhale madzi."

Mtima wa Nermin unakhala pansi. Anagwira katani kuti atsegule, koma dzanja linaima. Kuyambira ali mwana, abale ake ankamuseka kuti amamva mawu monga mmene anenedwera, osawonjezera, osachotsera. Anatembenuka.

"Mwati cha kunyumba kwanu."

"Eya."

"Nanga cha kwina?"

"Kwina kuti? Ndachoka kunyumba, ndabwera kuno."

"Kuno."

A Haji anayamba kuwongola bulangete pamaondo, ngakhale linali lowongoka kale.

"Bambo wa bedi ilo ndi wakumudzi," anatero potsiriza. "Akazi awo abwera ndi fitiri, chitumbuwa chonona mafuta a ng'ombe chija, ndi uchi wake. Ananditambasulira dzanja."

"Munakana."

"Ndinakana. Anakakamiza. Ndinakananso. Basi analumbira kuti ndikapanda kulandira asudzula akazi awo. Mayiwo ali chiimire pomwepo, mbale ili m'manja. Ndiphwasule banja la munthu chifukwa cha ndulu?"

"Munadya chochuluka bwanji?"

"Sindinadye. Ndinalandira."

"Munalandira n'kuika kuti?"

A Haji analoza pakamwa.

"Kachidutswa?"

"Choyambacho chinali kachidutswa."

"Panali chachiwiri?"

"Bamboyo ali ndi akazi awiri."

Nermin anatsegula katani. Anauza wokankha bedi kuti abwerere, n'kuimbira dokotala wogonetsa odwala. Anakangana naye kwa kanthawi, anapepesa, anapempha, mpaka anagwirizana kuti a Haji asachotsedwe pamzere, koma alowe madzulo, m'mimba mukapepuka. Atatsitsa foni anayang'ananso a Haji. Akanangotsegula katani ija nthawi yoyamba, munthu akanagonetsedwa fitiri ili m'mimba.

"Mulowa madzulo, a Haji. Kufikira nthawi imeneyo musadye, musalawe, musalandire. Wina akalumbira, alumbire."

"Nanga banja la munthu?"

"Ndiliteteza ine."

A Haji anagwedeza mutu, n'kugona chagada, manja atawapinda pachifuwa. Kenako anatembenukira kwa bambo wakumudzi uja, n'kulankhula mokweza kuti wodi yonse imve.

"Mwaona, achimwene? Ine ndinawauza poyamba pomwe kuti ndadya. Vuto la madokotala ndi limeneli, samvetsera odwala."