Masanje Amene Anandithetsera Banja

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wa ku Mbulumbuzi.

Mwana wanga wamkazi, wazaka zisanu, ankasewera masanje ndi anzake m'munda wa nandolo. Anyamata analipo awiri, ndiye poopa kuti wina alira, iye anati, "Nonse ndinu amuna anga."

Alamu anga, achemwali a bambo ake, anamva mawuwo. Anathamangira kwa achimwene awo n'kukanena kuti, "Mwana sapeka zotere, waonera kwa amake."

Ndinalumbira mpaka mawu anandithera, koma bambowo anamanga katundu wawo n'kubwerera kwawo. Kutchalitchi ndikakhala pa benchi, amayi anzanga amasuntha.

Mwanayo anasiyiratu masanje. Dzulo anandifunsa kuti, "Amayi, ndikakasankha mmodzi, ababa abweranso?"

Omvera anzanga, ndimuyankhe kuti chiyani?