Pempho Lachitatu la Esmeralda

Olemekezeka oimira boma la chigawo chathu cha Niassa pa nkhani za achinyamata ndi masewera. Olemekezeka oimira khonsolo ya mzinda wa Lichinga. A Calisto Mbuana, wapampando wa kalabu ya othamanga ya Miyendo ya Antchito, pamodzi ndi komiti yanu yonse. Alembi a mabairo, madera athu a Namacula ndi Assumane. Masheikh ndi abusa amene mwatitsegulira mwambowu ndi mapemphero. Anamwino amene mwaimika machira anu apo, ndipo ndaona kuti chikwerereni ine pansanja pano maso anu sakuchoka pa ine. Alimi a ku Lione amene mwabwera pa lole yanu. Othamanga nonse amene mukunjenjemera m'makabudula ndi mphepo ya Juni. Amayi ndi abambo: bom dia, salaam aleikum, moni nonse.

Ndithokoze komiti chifukwa cha mpikisano uwu wa makilomita 21, woyamba kukonzedwera anthu amene amathamanga kwinaku ali pantchito: aphunzitsi, alonda, ophika buledi, oyendetsa maminibasi a chapa, ogulitsa mumsika. Mwayenda khomo ndi khomo kupempha madzi ndi nthochi, mwajambula msewu ndi laimu, mwadzuka anthu ena akukokerabe bulangete. Tiwaombere m'manja.

Tsono a Calisto, pondionetsa kwa anthu mwanena kuti Vicente uyu ndi katswiri wakale wa maratona. Mulungu akukhululukireni, pakuti mwanama pa tsiku la Sabata, masheikh ndi abusa akumva. Amayi ndi abambo, tandiyang'anani bwino. Mimba iyi imafika pamalo ine ndisanafike. Maratona ndinaiyamba kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo mpaka lero sindinaimalize.

Ndabwera ndi mapepala awiri. Ili ndi la mawu okoma amene mlembi wanga wandikonzera, onena kuti masewera ndi thanzi ndipo thanzi ndi chitukuko. Ndi mawu oona, koma ndikulipinda. Lachiwirili ndi kalata yopempha, ija timaitcha requerimento. Ailemba ndi Dona Esmeralda Saíde, amene aima apo pakati pa othamanga, nambala 47 pachifuwa. Musaŵerame, Dona Esmeralda, ochita manyazi lero ndine.

Mayiwa amagwira ntchito ku armazém yanga, kumene timagula ndi kusunga mbatata ndi nyemba. Malo awo ndi pa sikelo. Amaima pamenepo kuyambira 6 koloko m'mawa, malole a ku Lione akamafika, mpaka 7 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Kuthamanga amathamanga pa ola la nkhomaliro, buledi nkudyera choimirira atabwerako. Ndi ola limodzi lomweli aposa amayi onse a kalabu ino, ndipo kalabu yawasankha kuti akathamange maratona yathunthu ku Maputo mu Okutobala. Koma aliyense pano akudziwa kuti makilomita 42 sakonzekeredwa pa ola la nkhomaliro. Pamafunika maulendo aatali, a maola atatu, miyendo isanatope ndi ntchito.

N'chifukwa chake anandilembera kupempha kuti masiku atatu pa sabata azilowa 9 koloko. Kalata yoyamba ndinalemba pakona pake mawu amodzi achipwitikizi amene nonse mukuwadziwa: indeferido, ndakana. Yachiwiri chimodzimodzi. Iyi ndi yachitatu, ndipo andilola kuti ndikuwerengereni mzere umodzi. Akuti: "Ngati sizitheka, bwana, sindidzakuvutitsaninso. Ntchito sindingasiye chifukwa ana anga ndi mayi anga amadya pamenepo, choncho mpikisano wa Miyendo ya Antchito ukhala womaliza, nsapato ndipatsa wina."

Kalata imeneyi yagona m'thumba la jekete iyi masabata awiri. M'mawa uno mayi a kunyumba, a Palmira, aipeza posita. Aiwerenga, aibwezera mwakachetechete, nkundiikira matabichu, chakudya cha m'mawa, patebulo. Ndikuti ndimwe tiyi, iwo nkuti: "Bambo a Érica, ndiye mukupita kukauza anthu kuti azithamanga, pepala ili lili m'thumba? Bola a Baltazar, iwo sankaitanidwa kukakhala mlendo wolemekezeka." Tiyi uja anandiwawira mkamwa.

Achinyamata simukuwadziwa a Baltazar, ndiye ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Ine kuthamanga sanandiphunzitse munthu. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi tinathawa nkhondo kupita ku Namwera, ku Malawi, ndipo amene munayenda ulendo umenewo mukudziwa kuti panalibe wotsalira kuti amange chingwe cha nsapato. Chichewa mukumvachi ndinachitola komweko. Titabwerera kuno, miyendo inali itazolowera, ndipo m'chaka cha 2001 ndinali mnyamata woonda ngati bango, wothamanga kwambiri mu Assumane monse. Ndinalembedwa ntchito ya mtumiki ku armazém ya malemu a Baltazar, kunyamula mapepala kupita nawo kumaofesi pa njinga ya kampani. Nthawi yolowa ndi yotuluka inali yomweyi imene a Esmeralda ali nayo lero.

Nditamva kuti ku Nampula kudzakhala maratona, mtima unati phaa. Ndinalemba requerimento yanga, zilembo zokongola, kupempha maola awiri okha. A Baltazar anaiwerenga magalasi ali pamphuno, nkundifunsa: "Iwe Vicente, ndinakulemba ntchito kapena ndinakulemba liwiro?" Nkulemba mawu aja pakona.

Ine ndiye nzeru zinandichulukira. Ndinati, ngati sandipatsa nthawi yothamanga, ndizithamanga pa nthawi yawo yomweyo. Njinga ndinkaibisa kuseri kwa matumba a nyemba, mapepala nkuwalowetsa mkati mwa malaya, ulendo wapansi. Akandituma kufupi, ndinkazungulira kutali. Miyezi iwiri palibe anadziwa, ine nkumadzitama kuti ntchito ndi masewera ndazikwatitsa. Ndinaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lina Lachisanu, mu Marichi, lole yodzaza mbatata ya alimi a ku Lione inaima pa kontorolo, chipata cha asilikali cha pa msewu wa ku Cuamba, kudikira guia, pepala loilola kutuluka ndi katundu. Wogula anali ku Cuamba ndi bogi yake ya sitima. Ndinakatenga pepalalo ku ofesi cha m'ma 2 koloko, chidindo chili chachiwisi, nkulikanikiza pamimba mkati mwa malaya. Dzuwa linali litaswa mtengo. Kuchoka pa ofesi kufika pa kontorolo sipatali, koma ine tsiku limenelo ndinali nditadziikira makilomita 15. Ndinadzera ku Namacula, kukhotera njira ya ku bwalo la ndege, thukuta lili chuchuchu, mtima uli mbee.

Nditafika, ndinapisa dzanja m'malaya. Chimene ndinatulutsa chinali ngati tsamba la kabichi lowiritsa. Zilembo zitasungunuka, siginecha itasanduka mtambo, chidindo kulibe. Msilikali wa pa kontorolo anati, "Chidindo chili kuti?" Ine poyang'ana, ndinachipeza. Chinali pamimba panga, chozungulira bwinobwino, chabuluu, chongotembenuka zilembo. Amayi ndi abambo, ndinakweza malaya pamaso pa anthu nkumuonetsa msilikali uja mimba. Iye anaŵerama, anawerenga, nkuti: "Chidindo ndi chenicheni. Ndiye kwera pamwamba pa matumba ukhale guia mpaka ku Cuamba, koma ukafika akakusunga mu faelo."

Sekani, sekani, nanenso patapita zaka ndinaphunzira kuseka. Koma tsiku limenelo panalibe choseketsa. Ndinathamangira ku ofesi, liwiro limene sindinalithamangeponso, nkupeza atseka, pakuti 15:30 inali itakwana. Lole inagona pamsewu mpaka Lolemba. Loweruka kunagwa mvula, lona inali yobooka, wogula anatopa nkunyamuka ndi bogi yake. Mbatata ija theka inawola. Inali mbatata ya mabanja amene tinabwerera nawo limodzi kuchokera ku Malawi, anthu oyambiranso ndi khasu limodzi. Bambo wina wachikulire mwa iwo sanandikalipire n'komwe. Anangondiyang'ana miyendo nkuti, "Mwanawe, akuti umathamanga kwambiri." Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, ndipo alimi a ku Lione muli panowa, ngati ena mwa inu ndinu ana a mabanja aja, pepani. Ndachedwa nako kupepesako zaka zoposa makumi awiri.

A Baltazar sanandichotse ntchito. Anandichotsa pa mapepala nkundiika pa matumba, kusenza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuti liwiro lithere m'msana. Koma ine mutu uli gwa, ku Nampula ndinapitabe, ndisanathamangeko ngakhale kamodzi kupitirira makilomita 18. Munthu wa kuphiri kozizira kuno, kukagwa m'ng'anjo ya kumeneko! Makilomita khumi oyamba ndinali patsogolo, ndikuimikira anthu manja. Pa makilomita 25 anayamba kundipitirira anyamata, kenaka madala, kenaka bambo wina wovala nsapato za patapata. Pa makilomita 30 miyendo inandiuza kuti ife tatsika pano. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mkoloso, mayi wogulitsa mtedza nkundifunsa mwaulemu ngati mpikisano wathera pomwepo. Kumzere womalizira ndinafikako ndithu, a Calisto, pamenepo simunaname. Ndinafika kumbuyo kwa galimoto yotolera zigubu za madzi.

Pobwerera, mu sitima, ndinalumbira. Ndinati, tsiku limene ndidzakhale bwana, wantchito wanga sadzaba nthawi ngati mmene ndinabera ine, chifukwa ndidzampatsa ndi manja awiri. Mulungu anamva, nkuti tiyeni timuone. Lero armazém ndili nayo, magalasi ndili nawo, ndipo amakhala pamphuno pomwe ankakhala a a Baltazar.

Sindikufuna kudzinamiza kuti ndinkakana chifukwa cha nkhanza chabe, ndipo mabwana anzanga muli panowa mundimvetsa. Sikelo si malo oikapo munthu wamba. Mlimi wayenda kuchokera ku Lione m'bandakucha, akufuna apeze munthu amene sangamudyere kilo ngakhale imodzi, ndipo alimi amawakhulupirira a Esmeralda kuposa mmene amandikhulupirira ine. Maola amene iwo akupempha ndi omwewo amene malole amafika. Ndinayang'ana antchito ena, onse ndi otopa kale, kumuwonjezera wina ndi kumuthyola msana. Ndiye ndinkati palibe munthu, palibe munthu, nkumalemba mawu aja. M'mawa uno, tiyi atandikanika, ndi pamene ndawerenga bwino anthu a pa armazém paja, nkupeza kuti alipo mmodzi amene amafika 9 koloko, kukhala pa mpando wozungulira, nkumafunsa ngati nyuzipepala yabwera.

Kwa inu othamanga, langizo langa ndi la munthu amene anagwa, choncho limvereni. Musabe nthawi ya ntchito, chifukwa wolipira sakhala bwana wanu, amakhala munthu wosalakwa amene akudikira pamsewu. Pemphani poyera, ndipo akakana pemphaninso, monga achitira mayiwa. Kwa inu mabwana anzanga, munthu amene waima maola khumi ndi atatu nkukhalabe ndi mtima wothamanga, ameneyo ndi chuma cha mzinda uno, tisamuphe miyendo ndi cholembera.

A Calisto, tandigwirirani chimkuzamawuchi, ndipo mutembenuke mundibwereke msana wanu ukhale tebulo. Masheikh, abusa, oimira boma, inu ndinu mboni. Ndikulemba: deferido. Ndavomera. Tsiku ndi lalero, dzina ndi langa.

Kuyambira sabata ino mpaka mpikisano wa ku Maputo utadutsa, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, Dona Esmeralda azilowa 9 koloko, malipiro osadulidwa. Pa sikelo, 6 koloko m'mawa, m'mphepo ya Lichinga, padzaima ine. Alimi a ku Lione, ndakumvani mukung'ung'udza kumbuyoko. Muli ndi ufulu. Bwerani ndi maso anu onse, muziwerenga nane limodzi, ndipo ndikachedwa ngakhale mphindi zisanu mukandinenere kwa a Palmira, adziwa chochita.

Dona Esmeralda, pukutani m'maso, mungaphonye msewu. Nsapato zimenezo simupatsa munthu. Ndipo mundimvetse bwino pamaso pa anthu onsewa: Lachiwiri likubwerali, ndikakuonani pafupi ndi sikelo yanga 9 koloko isanakwane, ndikulemberani kalata yochenjeza.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, othamanga azizidwa mokwanira chifukwa cha ine. Mwa mphamvu imene komiti yandibwereka m'mawa uno, ndikulengeza kuti mpikisano woyamba wa Miyendo ya Antchito watsegulidwa. Woimba wezulo, ntchito ndi yanu.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni nonse.