Tsiku Limene Ninabelengela Ba Malume Pepala ya ku Khoti

Nthawi ija ya makuponi a unga, pamene tinali kuima pa laini kuchokela m'mamawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo ukafika kutsogolo bakuuza kuti wasila, ndiye pamene mukulu wanga Ba Yotamu banamwalila ku Chawama. Bana imwe, musaniyang'ane monga nikamba nthano. Sopo tinali kudula na ulusi, fakitale ya mabulangeti ku Indasitiliyo inali itanichotsa nchito, ndipo mvula inali itagwetsa chipupa cha kanyumba kathu ku Kanyama, mwakuti ine, mkazi wanga na bana batatu tinali kugona mu khichini ya baneba.

Ba Yotamu banasiya nyumba ya mabuloko ya vipinda vitatu, mashini yosokela, mkazi wao Ba Esinati na bana banai. Manje imwe muziba kuthamangila ku polisi, koma kale mwamuna akafa, bachibale banali kubwela na mawilibala manda akalibe kuuma, ndipo palibe amene anali kuchula kuti ni kuba. Tinali kukamba chabe kuti titenga va m'bale wathu.

Koma masiku amenewo boma inali itaika lamulo yatsopano, yakuti banja isankhe munthu mmodzi apite ku Loko Khoti bakamuike adiminisitireta, woyang'anila katundu wa malemu. Ba malume, Ba Zulu, bamene banachokela ku Katete kubwela ku malilo, bananiitanila kuseli kwa nyumba.

"Iwe ndiwe unagwilako pensulo," banatelo. "Katenge pepala ya uadiminisitireta ku khoti. Nyumba ni yako, mashini nipita nayo kwa amai ako kumudzi, ndipo mkazi uyu abwelele kwao. Fodya wako ni uyo ali pamphuno."

Sininakane, ndipo nikuuzani zoona ngakhale vichititsa nsoni: ninakondwela. Bena balila, ine maso anali pa malata, kuona ngati adontha.

Ku khoti sitinachedwe. Oweluza banafunsa mulamu wanga Ba Esinati ngati bavomela, iwo banagwedeza chabe mutu, maso pansi. Koma pepala yeniyeni inali kutuluka kwa ba kalaliki, mzimai wouma wa magalasi amene anali kusunga mabuku na chidindo. Inki inali itauma, anachita kupumila pa chidindo kuti chilembe. Nitatambasula dzanja, anaikanikiza pepala na chala.

"Ba Phiri, mwaziba nchito imene mwapatsidwa?"

"Naziba, mayo."

"Simuziba. Bonse bakamba choncho. Lamulo ikamba kuti adiminisitireta si mwini. Imwe ndimwe mlonda chabe: musonkhanitse, musunge, mupatse eni. Nyumba ni ya bana na amai bao. Mukagulitsa olo supuni khoti isanavomele, nizakutumilani kapaso wa khoti na samoni yokuitanani ku mlandu."

Ninatuluka mutu uli gwa. Sininakwele basi. Ninayenda na mendo, ninapitilila njila ya ku nyumba ya malilo, ninafika ku njanji, ninabwelela, ninapitililanso, pepala yanyowa na thukuta mu thumba ya malaya. Mumtima ninali kumutukwana mzimai uja. Kodi lamulo inagonapo mu khichini ya eni? Kodi iziba kuti bana banga batsokomola? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ninali kudziuza choncho, koma mendo anali kukana kulowa pa geti.

Pamene ninalowa, mawilibala awili anali pakhomo, mashini ili kale panja, ndipo baneba banadzaza ku mpanda. Ba malume bananyamuka.

"Wabwela! Belenga pepala, bonse bamvele."

Mvelani bwino apa, bana imwe. Pepala inali ya Chizungu, ndipo pa bwalo ponse paja wobelenga Chizungu ninali ine neka. Inalibe mau ambili, dzina langa chabe, dzina la malemu na chidindo. Ba kalaliki banali kutali. Chilichonse chimene nikanakamba, chikanakhala lamulo tsiku ija. Mkazi wanga anali pamenepo na mwana kumsana, kuniyang'ana na maso a njala ya nyumba.

Nikalibe kutsegula pakamwa, Ba Esinati bananyamuka pa mphasa, banamasula kiyi pa nsonga ya chitenje, banagwada pamaso panga.

"Tengani, mulamu. Nipemphako chabe mapoto na bulangeti ya bana."

Mzimai amene ananiphikila zaka zitatu pamene ninafika mu Lusaka na kachola ka pepala! Mau anatuluka okha, sininawakonze: "Pepala ikamba kuti nyumba ni ya bana na amai bao. Bwezani mashini mukati."

Ba malume banalavula pansi. "Chibale ni fupa, iwe wachigulitsa kwa mkazi wobwela!" Banakwela basi tsiku lomwelo, ndipo vimene banakakamba kumudzi siniviziba, koma amai banga banamwalila basanadyeko nsima m'nyumba mwanga. Mkazi wanga anakhala mwezi wathunthu osakamba na ine, ndipo mvula ina yonse tinaitsiliza mu khichini muja. Musaganize kuti ninamvela bwino monga munthu wolungama, iyai. Ninali na ukali, ndipo mpaka lelo nikapita mu njila ija mtima siukhala pansi.

Manje masiku ano niona anyamata bavala masuti, kulimbilana pepala imeneyi monga ni mendulo. Imwe, tsiku likazafika lakuti musankhe adiminisitireta pakhomo panu, musathamangile wophunzila, kapena wokamba bwino pa malilo. Yang'anani amene angapilile kuti bachibale bake bamuzonde. Ndipo ngati basankha iwe, mwana wanga, uyambe walila, chifukwa tsiku limenelo utaya anthu awili: amene wagona kumanda, na amene uzamuuza kuti iyai.