Mchere Umene Ndinamanga M'chiuno

Abusa, ndakuonani. Akulu a mpingo, amayi anzanga, inu a kwaya kumbuyoko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Mwayankha motsitsa bwanji, mukuopa kuti ndikutchulani maina? Aleluyaaa!

Ndikufuna kuchitira umboni, ine ambuya ake a Zelipa. Kulemba sindidziwa, ndimasaina ndi chala, koma zimene anaona maso angawa ndidzaziimba mpaka mano otsalawa atatha.

Zelipa, taimirira akuone. Mdzukulu wanga ameneyu analeka kukula, abale. Diresi limene ndinamsokera pamanja titangofika kuno ku Bundabunda analivala zaka zitatu, osafupika. Nkhope yotupa, zikope zolemera, khungu lokhakhala ngati la buluzi. Mwezi wa Okutobala ife tikuthawira m'mithunzi, iye ali padzuwa, ati, "Ambuya, kuzizira."

Ndiye m'mawa wina mpongozi wanga, amake Zelipa, anabwera ndi kansalu m'manja. "Amayi, taonani." Abambo, yang'anani pansi pang'ono. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mano a ubwana asanathe kuguluka, wayamba kusamba ngati namwali.

Mtima wanga unati pali munthu. Pali munthu, pali munthu, zotere sizigwa ndi mvula. Ndinakayikira mayi wa kutsidya amene tinakangana naye za mbuzi. Ndinatengera mwanayo kuseri kwa nkhokwe kumufunsa ngati wina anamgwira, iye anangopukusa mutu, tulo tili m'maso. Anamkungwi anafika, ati mwana wakula, timlowetse m'nyumba timlange. Ndinati, "Mukamlanga chiyani munthu wosadziwa kumanga chitenje?" Potuluka, mmodzi anatembenuka pakhomo: "Nanga kutupaku si mdulo? Amathira mchere m'ndiwo ndani pano?"

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Kwathu ku Katete tinakula tikudziwa kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina, nkubwera kudzathira mchere m'ndiwo, amadula ana ake, anawo amatupa. Tsono mwana wanga Fakisoni ndi mlonda ku Lusaka, amabwera pakutha pa mwezi. Mkazi wakeyu Lachiwiri lililonse ankakwera basi ndi dengu la matimati, khadi la chipani m'bulauzi kuti amlole kukhala pamsika, kubwerako dzuwa litapendeka. Ndinati ehe, ndamgwira!

Mukudziwa mmene mchere ukuvutira masiku ano, kuima pamzere ku sitolo ya boma mpaka miyendo kuuma. Wonse umene unali m'nyumba ndinauthira m'kabotolo, nkumanga m'chiuno. Ndinati, "Amake Zelipa, kuyambira lero m'ndiwo ndizithira ndine." Anamva chimene ndikunena. Anagwada, anadzuka, anatuluka. Ine posinja ndinkaimba mokweza kuti zimfike: mchere wanga uli m'chiuno, mchere wanga uli m'chiuno, wotentha asaukhudze! Ndinatumanso uthenga kwa Fakisoni kuti tikangokolola, mkaziyu abwerere kwao.

Miyezi inayi ndikuthira ndekha, mwana osachira. Mimba nayo inayamba kutupa. Mukuganiza ndinadzifunsa? Ayi! Ndinati ndiye kuti akupempha mchere kwa anzake.

Lachiwiri lina ndinaona mpongozi wanga wamsambitsa Zelipa kuti apite naye. Ndinasuzumira m'dengu: matimati anayi pamwamba, pansi nsanza zokhazokha. Ndinati lero lokha mwamunayo ndikamuona ndi maso. Ndinafunda chitenje kumutu, nkukwera basi yomweyo, mpando wakumbuyo. Pa rodibuloko asilikali atatitsitsa tonse, ndinabisala kuseri kwa mayi wina wonenepa, Mulungu amdalitse kumene ali. Mu Lusaka iye patsogolo, ine pambuyo, iye patsogolo, ine pambuyo, mpaka analowa pa geti la chipatala chachikulu. Ndinati ooo, kani ndi wa m'chipatala!

Ndinadikira mpaka ataitanidwa, ndipo ndinakankha chitseko osaodira. Ndinapeza bambo wa imvi, wa magalasi, atagwira mwana pakhosi. Ndinamloza chala: "Ndiwe eti?"

Nesi anati m'Chinyanja cha ku Lusaka, "Imwe ba mbuya, nichani? Nkalani pansi, aba ni ba dokota."

Mpongozi wanga anangoti, "Ndi apongozi anga," nkutulutsa kalata ya ku kiliniki m'bulauzi. Anaisunga mmenemo sabata zitatu, kuopa ine.

Adokotala anafunsa, "Mwanayu analeka liti kukula?" Ine ndinati, "Diresi wavalali ndinasoka ndine, dzinja lachitatu lino." Analemba, abale! Mawu a ine wosaphunzira analowa m'buku! Komabe sindinawakhulupirire. Anamtenga magazi, nkumjambula dzanja. Ndinati, "Mwana watupa mimba, inu mukujambula dzanja?" Anaseka, ati mafupa ndiwo amanena ngati mwana akukula, mubwerenso pakapita sabata ziwiri.

Titabwerera anatikhazika pansi. Anati, "Ambuya, pakhosi apa pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Ndiko kamakoleza moto m'thupi kuti mwana akule. Ka Zelipa kafooka. Thupi likamakakuwira kuti kadzuke, mfuuyo imakadzutsa za unamwali nthawi isanakwane."

Ndinati, "Nanga mdulo?"

Anati, "Palibe wamdula, palibe wamgwira. Kambewu kamodzi m'mawa uliwonse asanadye, osadumphitsa, mwina moyo wake wonse."

Kambewu kake kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndinati aka kangachize chiyani? Ndinakanyambita ndekha kuti ndimve ngati si choko. Musaseke! Koma taonani Mulungu wathu. Kusamba kuja kunaleka. Mimba inaphwa, nkhope inaphwa, maso anatseguka. Unamwali unabwerera kumene unachokera, ukadikire nthawi yake. Diresi lija ndi ili, ndabwera nalo. Zelipa, taliyerekeza. Mwaona? Lathawa maondo, lathawa maondo, Yesu wanga, lathawa maondo! Lero akukwera mitengo ya mango, akundibera mtedza, akundiyankha mwano, ine ndingoti zikomo Ambuye, yankhanso!

Koma abusa, umboni wanga sunathe. Fakisoni ndinamuuza kuti uthenga uja auiwale. Kwa mkazi wake sindinanene kanthu. Manyazi. Chaka chathunthu chapita, kabotolo kakadali m'chiuno muno, ndiwo ndikuthirabe ndine, iye osafunsa ngakhale tsiku limodzi. Ndinamunamizira poyera, ndikuimba, mudzi wonse ukumva. Ndiye poyera pomwepo ndabwera.

Amake Zelipa, bwerani kuno kutsogolo. Bwerani, mwana wanga, musabise nkhope. Ndikugwada ine, mundisiye, maondo ndi anga. Munanyamula mwana kupita naye kumene kunali moyo, ine ndili pambuyo panu kusaka chigololo. Ndikhululukireni. Tambasulani dzanja. Nawu mchere wanu. Lero ndiwo mukathire ndinu, ndipo woyamba kudya ndikhala ine.

Zikomo Atate, zikomo Yesu, zikomo abusa pondipatsa mpata. Tsono mpingo wonse imirirani mukondwere nane! Nanunso amene munkandithandiza kunong'ona kuchitsime, ndikukuonani bwinobwino mzere wachitatuwo, nthungululu zanu zimveke kuposa za onse!